Madzi osefukira: tiwamangire makoma kapena tiwapatse malo?

Mayi Nabanda:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe ndikufuna tithandizane nzeru. Nthawi zonse mtsinje ukasefukira kapena nyanja ikalowa kumtunda, mawu oyamba kumveka ndi akuti boma limange dayiki. Sindikukana kuti makoma otchinga madzi apulumutsa anthu ambiri. Koma masiku ano ndikumva akatswiri ambiri akukamba za njira zina: kubwezeretsa madambo, kusiya mtsinje uzikhota monga unkachitira kale, kudzala mitengo kumtunda, kuteteza nkhalango za mangrove (mitengo yomera m'matope a madzi amchere) m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kodi zimenezi zimagwiradi ntchito? Zimagwira pati, ndipo zimalephera pati? Amene mukudziwa zenizeni tiuzeni, chifukwa nkhaniyi ndi ya miyoyo ya anthu.

Limbani:
Mayi Nabanda, ine ndilankhula mosabisa. Madzi akafika usiku anthu ali mtulo, bango ndi udzu sizingapulumutse mwana. Taonani dziko la Netherlands. Mu 1953 nyanja inaswa makoma usiku umodzi ndipo anthu 1,836 anafa. Iwo sanapite kukadzala mitengo ayi. Anamanga Delta Works, zipata zachitsulo ndi makoma a konkire, ndipo mpaka lero nyanja sinawachitenso zoterozo. Ine ndikuopa kuti njira zachilengedwezi amazikonda ndi amene akufuna kuwononga ndalama zochepa pa anthu osauka.

Bambo Phiri:
A Limbani, mwasankha bwino dziko, chifukwa ndi lomwelo limene linasintha maganizo pa nkhani ya mitsinje. Ine ntchito yanga ndi ya uinjiniya wa madzi, ndiye ndiloleni nditambasule pang'ono.

Mu 1993 ndi mu 1995 mitsinje ya Rhine ndi Meuse inadzaza koopsa. Mu 1995 anthu pafupifupi 250,000 anasamutsidwa chifukwa panali mantha akuti makoma agumuka. Sanagumuke, koma mainjiniya anaona poyera vuto lomwe ankalidziwa kale. Ukamakweza khoma chaka ndi chaka, madzi a mumtsinje amakwera nalo limodzi, pomwe nthaka ya kuseri kwa khomalo ikutsika chifukwa yauma. Tsiku lomwe khomalo lidzagonje, madzi adzatsika kuchokera pamwamba kwambiri ndipo adzagwera anthu omwe ankagona mosatekeseka.

Ndiye kuyambira mu 2007 anayamba ntchito yotchedwa Ruimte voor de Rivier (kutanthauza kupatsa mtsinje malo) m'malo oposa 30, ya ndalama zoposa mabiliyoni 2 a euro. Malo omwe ndimakonda kutchula ndi mzinda wa Nijmegen. Pamenepo mtsinje wa Waal umakhota mwadzidzidzi komanso umapanikizika. M'malo mokweza khoma, analisunthira kumtunda mamita 350 cha kumudzi wa Lent, n'kukumba njira yachiwiri ya madzi pambali. Madzi akachuluka amagawikana, ndipo pamalopo amatsika ndi masentimita pafupifupi 35. Wina anganene kuti masentimita 35 ndi ochepa, koma pa khoma lomwe madzi afika pakamwa, amenewo ndiwo amasiyanitsa tsoka ndi mtendere.

Makoma sanawagwetse onse ayi. Anangowaimika patali ndi mtsinje.

Limbani:
Chabwino bambo, koma pamenepo pali mafosholo ndi mathirakitala. Ndi chilengedwe chimenecho?

Bambo Phiri:
Mathirakitala alipo ndithu. Chomwe chasintha ndi ntchito yomwe akupatsidwa. Kale ankapanikiza mtsinje kuti uthamange m'kanjira kopapatiza. Pano akubwezera mtsinje chigwa chake kuti madzi akhale ndi poyala ndi pochedwa. Njira zonse zomwe Mayi Nabanda atchula zija zimachita zinthu ziwiri zomwezi: kupatsa madzi malo ndi kuwachedwetsa.

Aphunzitsi Nachisale:
Ndiwonjezere mbiri pang'ono, poti ndi zomwe ndimaphunzitsa. Mtsinje wa Rhine womwewo unali wokhotakhota, wa nthambi zambiri ndi zilumba. Kuyambira mu 1817, motsatira mapulani a injiniya Johann Gottfried Tulla, anayamba kuuwongola, ndipo pakati pa Basel ndi Worms unafupika ndi makilomita pafupifupi 80. Anthu a kumeneko anapeza minda, malungo anachepa, mabwato anayamba kuyenda bwino. Koma madzi omwe kale ankachedwa m'madambo anayamba kufika msanga komanso nthawi imodzi ku mizinda ya kumunsi.

Ku America nakonso, kwa zaka zambiri boma linkakhulupirira kuti mtsinje wa Mississippi ungathe kugonjetsedwa ndi makoma okha. Mu 1927 mtsinjewo unaswa makomawo m'malo ambirimbiri ndipo anthu mazana a masauzande anasowa pokhala. Chaka chotsatira, mu 1928, anakhazikitsa lamulo latsopano lololeza kuti pakhale njira zapadera zotulutsira madzi mtsinje ukadzaza. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Chigwa chomwe mtsinje unadzipangira pa zaka masauzande ndi mbali ya mtsinjewo, ngakhale chitakhala chouma zaka 20 zotsatizana.

Chikondi:
Zikomo aphunzitsi. Ine ndili pasukulu ndipo funso langa ndi la mitengo. Timauzidwa kuti madzi amasefukira chifukwa tadula mitengo, ndipo tikadzala yambiri vutoli litha. Ndi zoona zimenezi?

Bambo Phiri:
Chikondi, ndi zoona mbali imodzi, ndipo mbali inayo ndi yofunika kuidziwa kuti anthu asanamizidwe.

Mitengo imathandiza m'njira zingapo. Masamba amagwira madontho ena. Zinyalala za pansi pa mtengo zimatchinjiriza nthaka kuti isaumbike ndi mvula. Mizu imaboola njira zomwe madzi amalowera pansi. Ku Pontbren, m'dziko la Wales, alimi a nkhosa anadzala mizere ya mitengo m'mabusa awo pofuna mthunzi ndi chitetezo cha ziweto. Akatswiri atabwera kudzayeza anapeza kuti pansi pa mitengoyo madzi ankalowa m'nthaka mofulumira mpaka kuwirikiza ka 60 poyerekeza ndi pabusa pomwe nkhosa zapondaponda.

Koma nthaka ili ngati thonje. Likanyowa lonse, madzi ena aliwonse omwe ungathirepo amangodutsa. Mvula ikagwa masiku angapo osakata pa dera lalikulu, nthaka ya m'nkhalango nayo imakhuta ndipo madzi amathamangira kumtsinje. N'chifukwa chake lipoti lomwe mabungwe a FAO (la United Nations loona za chakudya ndi ulimi) ndi CIFOR (lofufuza za nkhalango) anatulutsa mu 2005 linanena kuti nkhalango zimachepetsa kusefukira kwakung'ono ndi kwapakatikati m'madera aang'ono, koma sizingaletse chigumula cha mtsinje waukulu.

Pali phindu lina lomwe anthu saliwerengera, ndipo kwa ine ndi lalikulu kuposa onse. Phiri likakhala lopanda chovala, mvula imakokolola dothi n'kukalitaya mumtsinje. Mtsinje ukadzaza mchenga umakhala wosaya, ndiye madzi omwe kale ankakwana m'kati mwake amayamba kutuluka. Mvula n'kukhala yomweyo, koma mtsinje wachepa. Mitengo ndi udzu zikagwira nthaka kumtunda, zimasunga kuya kwa mtsinje kumunsi.

Mayi Nabanda:
Pamenepa mwandithandiza bambo. Kodi pali malo omwe anayesa njirazi n'kuyeza zotsatira zake madzi atabweradi?

Bambo Phiri:
Alipo mayi. Tauni ya Pickering ku England inasefukira kanayi pakati pa 1999 ndi 2007. Khoma lalikulu linakanidwa chifukwa mtengo wake unkaposa zomwe malamulo a zachuma ankalola pa tauni yaing'ono ngati imeneyo. Ndiye anatembenukira kumtunda. Anaika timadamu tamitengo toposa 100 m'timitsinje, totchinga koma tosiya mpata pansi kuti madzi a masiku onse azidutsa. Anatseka ngalande zakale zomwe zinkathamangitsa madzi kuchoka m'mapiri, anadzala mitengo, komanso anamanga chitunda chadothi chosunga madzi okwana makyubiki mita 120,000 kwa kanthawi. Mu December 2015, pomwe madera ambiri a kumpoto kwa England anamira, Pickering inakhala youma. Atawerengera anapeza kuti ntchitoyi inachepetsa kuchuluka kwa madzi odutsa pachimake pa kusefukirako ndi 15 mpaka 20 pa 100 alionse, ndipo pafupifupi theka la phindulo linachokera ku chitunda chija. Onani kuti chitundacho ndi ntchito ya mainjiniya. Zinthu ziwirizi zinagwira ntchito limodzi.

Chikondi:
Ndinawerenganso kuti ku England komweko, pa mtsinje wa Otter ku Devon, analola nyama zotchedwa beaver kukhala mumtsinje kuyambira mu 2015, ndipo mu 2020 boma linavomera kuti zikhalebe. Zimamanga timadamu tamitengo zokha ndipo madzi amachedwa kufika kumidzi ya kumunsi.

Bambo Mwale:
Pepani, ndalowa mochedwa, koma ndawerenga zonse. Ine ndine mlimi ndipo ndikufuna ndifunse funso lomwe simunalikhudze. Mukuti madzi apatsidwe malo. Malo a ndani? Chigwa chomwe mukuchitcha cha mtsinjecho ndi momwe muli nthaka yachonde kuposa pena paliponse, ndipo muli anthu omwe makolo awo anaikidwa momwemo. Mzinda ukafuna kupulumuka, madzi amawatumiza kumunda kwa mlimi. Amene amajambula mapu mu ofesi sataya kanthu. Wotaya ndi amene anabzala.

Aphunzitsi Nachisale:
Bambo Mwale, funso lanu ndilo mtima wa nkhani yonseyi, ndipo zomwe mukuopazo zinachitikapo. Mu May 2011 asilikali a uinjiniya a ku America anaphulitsa khoma la ku Birds Point pa Mississippi kuti apulumutse tauni ya Cairo ku Illinois. Madzi anamiza minda yoposa mahekitala 50,000 ku Missouri. Mwalamulo derali linali litasankhidwa kalekale kukhala njira ya madzi, koma panali patapita zaka zoposa 70 lisanagwiritsidwe ntchito, ndiye kwa alimi zinali zowawa kwambiri ndipo nkhani inafika kukhoti.

Koma palinso komwe zinayenda mwa njira ina. Ku California kuli chigwa chotchedwa Yolo Bypass, cha mahekitala pafupifupi 24,000, pafupi ndi mzinda wa Sacramento. Mtsinje ukadzaza m'nyengo yozizira, madzi amadumpha pa khoma lalifupi lomwe linamangidwa dala ndipo amayala m'chigwamo. Pa chigumula chachikulu, madzi ambiri a mtsinjewo amadutsa mmenemo m'malo modutsa mumzinda. Akaphwa, alimi amalowa n'kubzala mpunga ndi mbewu zina. Ana a nsomba za salmon amakula msanga m'madzi osaya amenewo, ndipo mbalame zimasonkhana zambirimbiri. Mlimi amadziwiratu kuti mwezi wakuti munda ndi wa madzi, mwezi wakuti ndi wake. Chomwe saloledwa ndi kumangamo nyumba.

Bambo Phiri:
Ndiwonjezere chitsanzo chomwe chingawakhudze Bambo Mwale. Ku Netherlands kuja, dera la Overdiepse Polder linasankhidwa kuti lizilandira madzi. Alimi a ng'ombe a kumeneko atamva, sanadikire kuti awauze zochita. Anakhala pansi okha n'kubweretsa maganizo awo: tikwezereni zitunda m'mbali mwa khoma latsopano, timange nyumba ndi makola pamwamba pake, mabusa azimira nthawi yomwe madzi afuna. Boma linavomera, zitunda 8 zinamangidwa. Mabanja ena anagulidwa malo n'kusamuka, ndipo kwa iwo sizinali zophweka. Ku Lent nakonso mabanja pafupifupi 50 anachoka. Sindinganene kuti panalibe misozi. Koma chipukuta misozi chinalipo, chinakambidwa ntchito isanayambe, ndipo eni nthaka anali pa tebulo kuyambira pachiyambi.

Bambo Mwale:
Zikakhala choncho ndingamvere. Chomwe ndimakana ndi kuuzidwa madzi atafika kale pakhomo kuti munda wanga unali pa mapu a winawake. Ndipo amene akupindula kumunsi azilipira amene akusunga madzi kumtunda, chaka chilichonse chomwe mbewu zatayika, osati kamodzi kokha.

Tadala:
Moni akuluakulu. Mwakamba kwambiri za mitsinje, ndiye ndiloleni ndikutengereni kugombe la nyanja yamchere, komwe ndakhala ndikugwira ntchito ndi asodzi.

Kunyanja adani ndi awiri ndipo tisawasakanize. Woyamba ndi mafunde omwe amamenya gombe. Wachiwiri ndi kukwera kwa nyanja yonse namondwe akamakankha madzi kumtunda. Mitengo ya mangrove imalimbana bwino kwambiri ndi woyambayo. Mizu yake yotuluka pamwamba pa matope, thunthu ndi nthambi zimaphwanya mphamvu ya funde. Kafukufuku anasonyeza kuti pa mamita 100 a nkhalango yotere, msinkhu wa funde umatsika ndi 13 mpaka 66 pa 100 alionse, kutengera kuthithikana kwa mitengo. Koma pa mdani wachiwiri mphamvu yake ndi yochepa: madzi amatsika ndi masentimita 5 mpaka 50 okha pa kilomita yathunthu ya nkhalango. Ndiye kamzere ka mitengo ka mamita 20 sikangaimitse namondwe. Pamafunika nkhalango yotambalala.

Komabe ngakhale zili choncho, miyoyo imapulumuka. Mu 1999 namondwe woopsa anagunda Odisha ku India ndipo anthu pafupifupi 10,000 anafa. Ofufuza atayerekeza midzi mazana angapo, anapeza kuti midzi yomwe inali ndi nkhalango yotambalala ya mangrove pakati pa iyo ndi nyanja inataya anthu ochepa.

Chitsanzo chomwe a Limbani angachikonde ndi cha kumpoto kwa Vietnam. Kuyambira mu 1994 bungwe la Red Cross la dzikolo linadzala mangrove kutsogolo kwa makoma a kunyanja. Pa mahekitala pafupifupi 12,000 anawononga madola 1.1 miliyoni, ndipo ndalama zokonzera makomawo zinatsika ndi madola 7.3 miliyoni chaka chilichonse. Khoma likuteteza mudzi, mitengo ikuteteza khoma. Pamwamba pa apo amayi ankatola nkhanu ndi nkhono m'nkhalangomo n'kumagulitsa.

Kutsogolo kwenikweni kuli matanthwe a korali, omwe akakhala amoyo amachotsa pafupifupi 97 pa 100 alionse a mphamvu ya mafunde asanafike kugombe. Kumayiko ozizira komwe mangrove samera, madambo a udzu wa m'madzi amchere ndiwo amagwira ntchitoyi. Namondwe Sandy atagunda kum'mawa kwa America mu 2012, anawerengera kuti madambo otere anapewetsa kuwonongeka kwa katundu wa madola 625 miliyoni.

Limbani:
Achemwali Tadala, za Vietnam ndazimva ndipo zikumveka. Nanga tsunami? Pambuyo pa tsunami wa mu 2004 wa pa nyanja ya Indian Ocean ndinkamva paliponse kuti mitengo ndiyo yankho.

Tadala:
Achimwene, pa tsunami wamkulu tisanamizane. Ku Rikuzentakata ku Japan kunali nkhalango ya mitengo ya paini pafupifupi 70,000 m'mphepete mwa nyanja. Tsunami wa mu 2011 anaisesa yonse n'kusiya mtengo umodzi wokha. Makoma a konkire nawonso anagonja m'malo ambiri. Pa madzi otero chopulumutsa ndi chenjezo lofika msanga, njira yothawira yodziwika, ndi malo okwera.

Ndipo zomwe zinachitika pambuyo pa 2004 zimandipweteka mtima mpaka lero. Ndalama zinakhuthukira pa kudzala mangrove, anthu anajambulitsa zithunzi atanyamula mbande, koma zambiri zinafa. Ku Sri Lanka ofufuza anayendera malo 23 omwe anadzalidwa. M'malo 9 munalibe ngakhale mtengo umodzi wamoyo, ndipo ndi m'malo 3 okha momwe mitengo yoposa theka inapulumuka. Ku Philippines nakonso zinachitika zofanana. Ankadzala mtundu umodzi wosavuta kunyamula, pamatope akuya pomwe nyanja imamiza mbande nthawi yaitali, pena pamwamba pa udzu wa pansi pa nyanja womwe unali kale ndi ntchito yake. Mangrove amafuna malo omwe madzi amabwera n'kuchoka, ndipo nthawi yambiri mizu imakhala ikupuma. Mtundu uliwonse uli ndi msinkhu wake wa nthaka.

Nzeru yomwe yapezeka ndi yakuti uyambe wafunsa chomwe chinapha nkhalango yoyambayo. Kawirikawiri ndi maiwe oweteramo nsomba ndi nkhanu, kapena msewu womwe unatseka njira ya madzi. Ukatsegula njirayo, mbewu zimabwera zokha ndi madzi ndipo chilichonse chimamera pamalo pake. Ku Demak, pa chilumba cha Java ku Indonesia, gombe linali litadyeka kwambiri moti mbande sizikanaima. Kuyambira mu 2015 anayamba kumanga mipanda ya nsungwi ndi nthambi m'madzi osaya. Funde limadutsa koma limafooka, matope amakhazikika kuseri kwa mpanda, nthaka imakwera, kenako mangrove amadzimerera. Vuto lomwe akulimbana nalo kumeneko ndi lakuti nthaka yonse ikumira chifukwa cha kupopa kwambiri madzi a pansi. Pamenepo mpanda wa nsungwi sungathe kupambana wokha mpaka kupopako kutachepa.

Aphunzitsi Nachisale:
Tadala, watchula matope ndipo wandikumbutsa Bangladesh. M'zaka za m'ma 1960 anazinga madera ambiri a kugombe ndi makoma kuti madzi amchere asalowe m'minda. Poyamba zokolola zinakwera. Koma matope omwe kale ankayala paminda n'kumakweza nthaka anasowa kolowera, ndiye anayamba kukhazikika m'mitsinje. Mitsinje inakwera, minda inatsika. Ofufuza anapeza kuti dera lina lozingidwa linatsika ndi mita imodzi mpaka imodzi ndi theka poyerekeza ndi nkhalango ya mangrove ya Sundarbans yomwe ili pafupi pomwepo, imene imalandirabe matope ake. Madzi a mvula anayamba kukhala m'minda miyezi yambiri osatuluka.

Mu 1997 anthu a ku Beel Bhaina anatopa n'kudula khoma okha kuti mtsinje wa Hari uzilowa ndi kutuluka. Pa zaka pafupifupi 4 nthaka inakwera ndi mita imodzi kapena kuyandikira, ndipo mtsinje unadzikumba wokha n'kukhalanso wakuya. Boma linadzatengera nzeru imeneyi kwa anthu wamba. Koma Bambo Mwale, mfundo yanu ija inatulukiranso kumeneko: munda umakhala pansi pa madzi zaka zingapo, ndipo komwe chipukuta misozi chinachedwa kapena kuphonya alimi obwereka minda, anthu anakana ntchitoyi.

Chinthu chinanso cha dziko lomwelo. Namondwe wa mu 1970 anapha anthu osachepera 300,000. Namondwe Sidr wa mu 2007 anali wamphamvu kwambiri koma anapha masauzande ochepa. Sundarbans inathandiza kufooketsa mphepo ndi mafunde, komabe chachikulu chinali nyumba zothawirako zokwera ndi anthu odzipereka oyenda mudzi ndi mudzi kuchenjeza anzawo, ntchito yomwe inayamba mu 1972.

Limbani:
Apa ndiye tagwirizana aphunzitsi. Mantha anga ndi akuti munthu adzauzidwa kuti wadzala mitengo, ndiye agone. Ngati chenjezo ndi pothawira zilipo, sindikutsutsa zinazo.

Chikondi:
Nanga m'mizinda, momwe paliponse ndi simenti ndi malata?

Bambo Phiri:
Mumzinda mvula ilibe polowera, ndiye yonse imathamangira mungalande nthawi imodzi. Dziko la China linayamba mu 2015 kuyesa mizinda yomwa madzi: mapaki otsika omwe amasanduka maiwe mvula ikagwa, misewu yolowetsa madzi, madenga omera udzu. Pa mvula ya masiku onse zimathandiza. Koma mu July 2021 mzinda wa Zhengzhou unalandira mamilimita 201.9 a mvula pa ola limodzi, ndipo panalibe paki yomwe ikanamwa madzi otero. Anthu anafera m'sitima zapansi pa nthaka. Chilichonse chomwe timamanga, chaudzu kapena chakonkire, chili ndi malire omwe chinapangidwira, ndipo anthu ayenera kuuzidwa malirewo.

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi kusawononga dambo lomwe lilipo kale. M'zaka za m'ma 1970 mainjiniya a boma la America anafufuza mtsinje wa Charles womwe umathera ku Boston. Anapeza kuti madambo a kumtunda ankasunga madzi bwino kwambiri moti kumanga damu kukanakhala kutaya ndalama. Anagula kapena kuteteza mahekitala oposa 3,000 a madambowo kuti pasamangidwe kanthu. Ku Beira, ku Mozambique, anatsegulanso kamtsinje ka Chiveve komwe kanali katatsekeka ndi zinyalala pakati pa mzinda, anaika chipata choyendetsa madzi a nyanja, n'kubwezeretsa mangrove m'mbali mwake. Pomwe dziko lonse lapansi, malinga ndi a pangano la Ramsar loteteza madambo, linataya 35 pa 100 alionse a madambo ake pakati pa 1970 ndi 2015. Dambo limakwiriridwa pa mwezi umodzi, kulibwezeretsa kumadya zaka ndi ndalama zambiri.

Bambo Mwale:
Ndibwerere pansi, pa zomwe munthu wa khasu angachite. Ine ndaona ndi maso kuti m'mbali mwa mtsinje momwe bango, nsungwi ndi mitengo zinasiyidwa, gombe siligumuka. Pomwe analima mpaka kumadzi, mtsinje umadya munda chaka chilichonse. Udzu wa vetiva ukabzalidwa mothithikana mopingasa phiri umagwira dothi, mizu yake imapita pansi mamita 3 ndi kuposa, ndipo sufalikira m'munda. Mizere yopingasa, maswale, kuphimbira nthaka ndi mapesi, zonsezi zimachititsa kuti madzi alowe pomwe agwera. Koma munthu mmodzi akachita yekha pomwe oyandikana naye sakuchita, madzi a eni ake amadzamuphwasulira zonse. Zimafunika phiri lonse ligwirizane, kuyambira pamwamba kutsika.

Bambo Phiri:
Mwanena zoona bambo, kuyambira pamwamba. Ambiri amathamangira kukatseka chigwembe kumunsi komwe chakula, ndipo mvula yoyamba imachotsa zonse. Ndiwonjezere machenjezo awiri.

Timadamu tamitengo kapena tamiyala tikhale tambiri, tatifupi, tokhomeredwa bwino m'mbali, ndipo pakati pakhale potsikirapo kuti madzi adumphire pamenepo m'malo modya gombe. Kamodzi kakakulu kakagumuka kamatumiza madzi ndi zipika nthawi imodzi, zipikazo n'kukatseka pansi pa mlatho. Mitengo imaola, ndiye pakhale anthu odziwika oyendera mvula isanayambe komanso ikatha.

Chachiwiri n'chobisika. Tiyerekeze timitsinje tiwiri tikukumana pamwamba pa mudzi. Kamtsinje kamodzi madzi ake amafika msanga, pomwe a kena amafika mochedwa. Mukachedwetsa kofulumirako, mutha kuchititsa kuti madzi a tonse tiwiri afike nthawi imodzi, ndipo mudziwo umira kuposa kale. Ndiye musanagwire ntchito muyenera kudziwa kuti kamtsinje kalikonse kamatenga nthawi yotani.

Mayi Nabanda:
Chachiwiricho sindinachiganizepo. Kodi anthu opanda zipangizo za akatswiri angadziwe bwanji zimenezo?

Bambo Phiri:
Angathe mayi. Zikani mtengo wolimba kapena pentani mizere pa chipilala cha mlatho, mzere uliwonse masentimita 10, pa kamtsinje kalikonse komanso pomwe takumana. Pakhale munthu wokhala pafupi wolemba m'kope tsiku, nthawi yomwe mvula yayamba, ndi pomwe madzi afika ola lililonse mpaka atayamba kutsika. Awerenge ali pamalo okwera, asayandikire madzi othamanga. Ikani choyezera mvula pabwalo la sukulu. Funsaninso achikulire kuti madzi aakulu omwe akuwakumbukira anafika pati, ndipo pamenepo ikani chizindikiro chosafufutika. Pakatha nyengo ziwiri kapena zitatu za mvula mudzakhala mukudziwa kamtsinje kofulumira ndi kochedwa, komanso maola omwe madzi amatenga kuchoka kumtunda kufika kumudzi. Maola amenewo ndi omwe wa kumtunda angagwiritse ntchito kuimbira foni a kumunsi.

Tadala:
Kugombe timachita zofanana. Tisanadzale kanthu timazika timitengo pamatope n'kumalemba maola omwe malo alionse amakhala pansi pa madzi, kenako timayerekeza ndi pomwe mangrove achilengedwe akumera bwino chapafupi. Pomwe pakumira nthawi yaitali kuposa pamenepo sitidzalapo.

Chikondi:
Bambo Phiri, kopelo likhale ndi mizati ingati? Ndikufuna ndikonze chitsanzo choti anzanga a m'kalasi akayese pa kamtsinje ka pafupi ndi sukulu.

Bambo Phiri:
Isanu ikukwana: tsiku, nthawi, msinkhu wa madzi, mamilimita a mvula, ndi maonekedwe a madziwo, kaya ndi oyera kapena ofiira ndi dothi. Womalizawo usausiye, chifukwa ndi umene udzakuuze ngati ntchito ya kumtunda ikugwira nthaka. Ukakonza utumize pagulu pano tiuone limodzi musanayambe.